Makaroni a tchizi a pa happy hour: kodi ndalama yonseyi timalipirira chiyani?

Nabanda wa ku Area 25

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za kuphika ndi za kayendetsedwe ka malo odyera, chifukwa pali nkhani imene yandikhala pamtima kuyambira Lachisanu lapitalo. Ndimagwira ntchito ku City Centre, ndipo tsikulo anzanga awiri a mu ofesi anandiumiriza kuti tikaweruka tisathamangire minibasi monga mwa masiku onse, koma tikayambe takhala pa malo ena odyera cha ku Area 10 kufikira magalimoto atachepa pamsewu wa ku Area 18. Anati pamalopo pamakhala happy hour kuyambira 5 koloko mpaka 7 koloko madzulo, nthawi imene zakumwa ndi zakudya zina zimatsitsidwa mtengo. Ine mowa sindimwa, choncho ndinaitanitsa Cocopina wozizira, ndipo chakudya anandisankhira ndi mnzangayo, amene anati ndisachoke pamalopo ndisanalawe makaroni awo a tchizi.

Ndinavomera monyinyirika, poti makaroni ndimaphika ndekha kunyumba, a tomato ndi anyezi, ana akatopa ndi mpunga. Koma zimene anabweretsa sizinali zimene ndimazidziwa. Anabwera nawo m'kambale kakuda kachitsulo, katasanjikidwa pa kathabwa, ndipo woperekera zakudyayo anandichenjeza kuti ndisakakhudze chifukwa kangotuluka kumene mu uvuni. Pamwamba panali pofiirira ndi pokhukhutika ngati nkhoko za nsima ya mgaiwa, m'mbali mukuwirabe pang'onopang'ono. Nditapisa sipuni, tchizi anatamuka kuchokera m'mbale mpaka pafupi ndi pakamwa, moti ndinachita kumudula ndi foloko uku anzanga akundiseka. M'kati munali mofewa, mwa mchere wokwanira bwino, muli tizidutswa ta nyama ya nkhumba yowamba. Sindinama, ndinadya mwakachetechete mpaka kukokota m'mbali mwa kambaleko.

Vuto linabwera ndi bilu. Ngakhale anati mtengowo ndi wotsitsidwa, kambale kamodzi kameneko kanadya ndalama imene ndimadyera nsima ya nkhuku ya lokolo masana atatu kuntchito, ndipo pansi pa bilupo anaonjezerapo msonkho umene sindinauganizire poitanitsa. Nditafika kunyumba bambo a ana anandifunsa ngati ndadya, ndipo nditawauza zimene ndadya ndi mtengo wake, anangoti, "Ndiye mwakhuta?" Ndinapezeka ndikutema ntanda umodzi wa nsima imene inatsala.

Lamulungu ndinati ndidzichotse manyazi. Ndinagula tchizi wa Cheddar m'shopu yaikulu, ndinawiritsa makaroni, ndinawiritsanso mkaka m'poto wina, ndipo mkakawo uli gwedegwede pamoto ndinaponyamo tchizi yense. Zimene zinatuluka ndikuchita nazo manyazi kuzifotokoza. Mafuta achikasu anayandama pamwamba, pansi panatsala mibulu yotafunika ngati labala, ndipo mkaka unaoneka ngati wadukadi. Ana anadya mondilemekeza chabe, wamng'onoyo n'kufunsa ngati pali soya pieces.

Tsono funso langa lili pawiri. Kodi m'kambale kaja muli chiyani chimene chikuyenera mtengo umenewu, kapena tinangolipirira mipando yofewa ndi nyimbo zapansipansi? Ndipo ngati mulidi luso, kodi ine ndinalakwitsa pati, popeza zonse zimene ndinaona m'mbale muja ndinazigula?

Wophika wa ku Kawale

A Nabanda, ndakhala ndikuphika m'makhitchini a mahotela ndi malo odyera muno mu Lilongwe kwa zaka zambiri, ndipo ndiyambe ndi kukulimbitsani mtima kuti zimene zinakuchitikiranizo zimachitikira pafupifupi aliyense amene tangomulemba kumene ntchito. Simunaphonye chogula ayi. Munadumpha sitepe imodzi yokha, ndipo ndi sitepe imene siioneka m'mbale.

Tchizi sakondana ndi moto waukulu. Iye ndi mkaka woundana umene wagwira mafuta m'kati mwake, ndipo mukamuponya m'chinthu chimene chikubwadamuka, amakhwinyata n'kufinya mafuta onse kunja. N'chifukwa chake munaona mafuta akuyandama pawokha ndi mibulu ya labala pansi. Kuti zimenezi zisachitike, timayamba taphika kaphala koyera ka batala, fulawa ndi mkaka, kamene kusukulu ya zophika amakatchula kuti béchamel, dzina la ku France. Mayi aliyense amene amadziwa kuphika phala la mwana lopanda mibulu, kaphala kameneka sikangamuvute.

Pa theka la paketi ya makaroni ya magalamu 500, sungunulani masipuni aakulu atatu a batala pamoto wochepa, thiranimo masipuni atatu a fulawa wa tirigu, ndipo mutakase kwa mphindi ziwiri kuti fungo la fulawa wamuwisi lichoke. Kenaka thirani mkaka wokwana theka la lita, osati wonse nthawi imodzi, koma pang'onopang'ono uku mukutakasa osapumira, kufikira kaphalako katayamba kumatirira kumsana kwa mthiko. Pamenepo ndiye pali chinsinsi chonse: phulani potoyo, muiike pansi, mudikire kuti kuwira kuleke, ndiyeno muzithira tchizi wopalidwa pa gireta, magalamu 200 kapena kuposerapo, kadzanja kamodzikamodzi, kena kakasungunuka n'kumaonjezera kena. Fulawa uja ndi amene amagwira mafuta kuti asathawe. Mchere muthire pomaliza mutalawa, chifukwa tchizi amabwera ndi mchere wake. Ine ndimaonjezera kansonga ka sipuni ka mustard, ndipo ndikamaphikira a kunyumba kwanga ndimadulira kambuzi mmodzi, chifukwa chakudyachi n'chonona kwambiri ndipo chimafuna kanthu kochidzutsa.

Makaroniwo muwaphule asanapse kwenikweni, kutatsala mphindi ziwiri pa nthawi imene yalembedwa pa paketi, chifukwa akakapsanso m'kaphala muja. Mukawapsetsa poyamba, mudzadya phala lenileni. Nkhoko ya pamwamba imene inakukomeraniyo ndi zinyenyeswa za buledi wogona, zosakaniza ndi batala pang'ono ndi tchizi wotsala, zimene timawaza pamwamba tisanalowetse mu uvuni wa madigiri 200 kwa mphindi 15 kapena 20. Ngati uvuni mulibe, kapena magetsi azima chakudya chili pakati monga zimachitikira, musataye mtima. Ikani potoyo pa mbaula ya makala ochepa, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, ndipo pamwamba pake muikepo makala a moto, monga mmene amayi athu amaphikira chigumu. Ndinayesapo kangapo, ndipo nkhoko yake siisiyana kwambiri ndi ya mu uvuni.

Tsopano za mtengo. Makaroni enieniwo si okwera mtengo poyerekeza ndi zinazo, ngakhale kuti tirigu wambiri amene timadya m'dziko muno ndi woitanitsa kunja. Ndalama ili pa tchizi. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya tchizi wolimba ngati Cheddar, pamafunika mkaka wokwana malita pafupifupi 10, ndiyeno tchiziyo amasungidwa miyezi m'chipinda chozizira kuti akhwime asanagulitsidwe. Gruyère wa ku Switzerland sagulitsidwa asanathe miyezi isanu, ndipo Parmesan weniweni wa ku Italy amadikira miyezi 12 kapena kuposerapo. Mkaka wathu wambiri, umene alimi ang'onoang'ono a ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje amapita nawo panjinga kumalo osonkhanitsira, umathera m'mapaketi a mkaka wakumwa, chambiko ndi yogati. Choncho tchizi wambiri amene mumamuona m'mafiriji a mashopu akuluakulu amachokera ku South Africa, pa thiraki ya firiji imene imadutsa Beitbridge, Harare ndi Tete isanalowe pa Dedza kapena pa Mwanza, ndipo ulendo wonsewo umalipiridwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kukhitchini kumene ndinali tinakhala pansi n'kuchepetsa tchizi m'zakudya zingapo, chifukwa kukweza mtengo molingana ndi mmene zinthu zinakwerera kukanathamangitsa makasitomala.

Malo odzilemekeza amasakaniza mitundu iwiri kapena itatu ya tchizi, ndipo mtundu uliwonse uli ndi ntchito yake. Cheddar wokhwima amapereka kukoma kwamphamvu, Gouda kapena Gruyère amasungunuka mosalala, ndipo kutamuka kuja kumene munavutika nako ndi foloko kawirikawiri ndi ntchito ya mozzarella, amene payekha alibe kukoma kwenikweni koma amasangalatsa maso. Ngati anachitadi zimenezi, simunaberedwe.

Komabe si onse amene amachita chilungamo, ndipo lilime lanu likhoza kuwagwira. Mukamva kuti m'kamwa mukumata ngati mwadya phala la fulawa, dziwani kuti anachulutsa kaphala n'kuchepetsa tchizi. Mukapeza m'mbali muli moto koma pakati pali pozizira, ndiye kuti anangotenthetsa za dzulo mu microwave. Ndipo mukaona pa menu palembedwa kuti athiramo mafuta a truffle n'kukwezerapo mtengo, musatengeke. Truffle ndi mtundu wa bowa womera pansi pa nthaka ku Ulaya, wodula zedi, koma mafuta ambiri amene amagulitsidwa ndi dzina lakelo fungo lake ndi lopangidwa ndi mankhwala ku fakitale. Kwa ine, utale wa m'nyengo ya mvula, wokazinga ndi batala n'kuuika pamwamba pa makaroniwo, umaposa mafuta amenewo kutalitali.

A Mbewe a ku Likuni

Mayi Nabanda, ine ndine wachikulire ndipo mundikhululukire ngati ndilankhule zosakomera achinyamata. Ndinagwira ntchito ku Capital Hill mpaka kupuma, ndipo m'maphwando a kuntchito ndinadya zakudya zamtundumtundu za m'mahotela, koma sindikumbukira tsiku limene ndinabwerako n'kukagona osapempha nsima. Amuna anu anafunsa funso loyenera. Chakudya chimene munthu walipira ndalama ya masana atatu, n'kukafikanso kunyumba kukatema ntanda, chalephera ntchito imene chakudya chinalengedwera.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si makaroniwo, koma dzina lakuti happy hour. Ana anga awiri amagwira ntchito m'tauni muno, ndipo ndimawamva akuitanizana Lachisanu lililonse kuti akapulumutse ndalama kumeneko. Ine masamu amenewa amandikanika. Munthu amene akanakwera minibasi n'kukadya kunyumba osatulutsa kanthu, wapita kukagula chinthu chotsitsidwa mtengo chimene sanachifune, ndipo akubwerera pa kabaza wa njinga yamoto usiku chifukwa maminibasi a ku Area 25 atha kapena akweza mtengo. Wapulumutsa chiyani pamenepo? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso nkhani ya m'mimba imene anthu amachita nayo manyazi. Ambiri mwa ife tikakula, mkaka wamuwisi sutiyanja. Ine chambiko ndimamwa popanda vuto, koma tsiku lina mpongozi wanga anandiphikira makaroni amenewa pa Khirisimasi, ndipo ndinadya mbale yodzaza pofuna kumusangalatsa. Usiku wonse m'mimba munali mukubangula ngati kukubwera mvula, ndipo mapemphero a mmawa ndinawaphonya. Achimwene ophikawo atiuze ngati vuto linali tchizi kapena dzanja la mpongozi wanga, kuti ndidziwe woyenera kumukhululukira.

Sindikuletsani kudya zimene zakukomerani. Ndalama ndi yanu, ndipo mwaikhetsera thukuta nokha. Koma ngati mwaphunzira kuphika kunyumba monga akulangizirani, bwenzi mukuphikira banja lonse ndi ndalama imene mukanadya nokha pa kambale kamodzi, ndipo nsima ikhale pafupi kuti wina asagone ndi njala.

Wophika wa ku Kawale

Bambo Mbewe, mpongozi wanu mukhululukireni, ndipo tchizinso mumukhululukire pang'ono. Chimene chimavutitsa m'mimba mwa akuluakulu ambiri ndi shuga wa mumkaka wotchedwa lactose. Mu tchizi wokhwima ngati Cheddar ndi Parmesan shuga ameneyu amatsalamo wochepa kwambiri, ndipo mu chambiko gawo lina limakhala litadyedwa ndi tizilombo tabwino timene timasasitsa mkakawo. Wokulakwiraniyo ndi theka la lita la mkaka limene limalowa m'kaphala kaja, kuphatikizapo mbale yodzaza imene munadya. Chakudyachi sichidyedwa ngati nsima, ndipo kambale kakang'ono kamene a Nabanda anapatsidwa ndi muyeso wake woyenera.

Nankhoma wa ku Area 47

Ndimaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale, ndipo nkhani ino yandikoka chifukwa chakudya chimene tikukambiranachi chakhala chikukwera ndi kutsika pakati pa olemera ndi osauka kwa zaka mazana ambiri. Cha m'ma 1390, ophikira Mfumu Richard II ya ku England analemba kale za chakudya cha ufa wa tirigu wokanda, wodulidwa n'kuwiritsidwa, wosanjikiza ndi batala ndi tchizi. Mu 1769 mayi wina wa ku England, Elizabeth Raffald, anasindikiza kaphikidwe kamene kali pafupi kwambiri ndi kamene achimwene a ku Kawale afotokoza, kokhala ndi msuzi woyera komanso pamwamba powauka.

Ku America, kumene chakudyachi chimakondedwa koposa, dzina limene limatchulidwa kawirikawiri ndi la Thomas Jefferson, pulezidenti wawo wachitatu, amene anapatsa alendo ake makaroni ophika mu uvuni pa phwando la ku nyumba ya pulezidenti mu 1802. Koma Jefferson sankagwira mthiko. Atapita ku Paris mu 1784 anatenga James Hemings, munthu wakuda amene ankamusunga ngati kapolo, kuti akaphunzire kuphika kwa akatswiri a ku France, ndipo Hemings ndi amene anabweretsa luso limeneli kukhitchini ya mbuye wakeyo n'kuphunzitsa m'bale wake. Mpaka lero, m'mabanja ambiri a anthu akuda a kumwera kwa America, makaroni a tchizi a mu uvuni sasowa pa chakudya cha Lamulungu ndi cha zikondwerero, ndipo sapatsidwa kwa aliyense kuti aphike, koma kwa amene banja lonse limamukhulupirira.

Kenaka chakudya cha mafumu chija chinagwa pansi. Mu 1937, chuma cha America chitasokonekera ndipo anthu ambiri ali pa ulova, kampani ya Kraft inayamba kugulitsa makaroni m'kabokosi pamodzi ndi tchizi wa ufa, pa mtengo wa masenti 19, ndipo kabokosi kamodzi ankati n'kokwanira anthu anayi. Kuyambira pamenepo chinasanduka chakudya cha ana, cha ophunzira a ku koleji ndi cha mabanja amene mwezi wawatalikira, monga mmene ife timaonera soya pieces amene mwana wa a Nabanda anapempha. Malo odyera apamwamba atachitolanso n'kuthiramo tchizi wodula, ankagulitsa chikumbumtima cha ubwana kwa anthu amene tsopano ali ndi ndalama. Ife a ku Lilongwe ubwana umenewo tilibe, choncho timachilandira chili kale ndi suti, ndipo n'chifukwa chake chimationekera chachilendo kuposa mmene chilili.

Dzina la happy hour nalonso silinayambire ku bala. Asilikali a pamadzi a ku America ndi amene ankatchula choncho nthawi ya zisangalalo za m'sitima, monga nkhonya ndi nyimbo, zaka za m'ma 1910. Nkhawa ya Bambo Mbewe ilinso ndi anzake kunjako: chigawo cha Massachusetts chinaletsa kutsitsa mtengo wa mowa pa maola apadera mu 1984 pofuna kuchepetsa ngozi za oyendetsa galimoto ataledzera, ndipo dziko la Ireland linachitanso chimodzimodzi mu 2003.

Komabe Bambo Mbewe, pa mfundo yakuti chakudya chosakhutitsa chalephera ntchito, ndikupempha kusiyana nanu mwaulemu. Kanyenya wa pa chiwaya ndi mang'ina a ku Bwandilo sakhutitsanso munthu, koma sindinamvepo wina akuwaimba mlandu umenewu.

Mlongo wa ku Biwi

Ine ndinagwirapo ntchito yoperekera zakudya pa malo ena a ku Old Town kwa zaka zitatu, ndipo ndingoonjezera zimene zimachitika kuseri kwa kauntala. Pakati pa chakudya chamasana ndi chamadzulo mipando imakhala yopanda anthu, koma lendi, magetsi ndi malipiro athu zimawerengabe. Happy hour ndi njira yodzazira mipandoyo. Makaroni a tchizi amakondedwa ndi eni malo pa nthawi imeneyi chifukwa kaphala kaja kamaphikidwa kamodzi mmawa, timbale n'kukonzedweratu, ndipo kasitomala akaitanitsa amangolowetsa mu uvuni. Chinanso n'chakuti chakudya chamchere ndi chonona chimaitana ludzu, ndipo phindu lenileni lili m'botolo. Amene waitanitsa Green mmodzi wotsitsidwa mtengo amafika pa wachitatu 7 koloko itadutsa kale, mtengo utabwerera mwakale.

Choncho a Nabanda, inu amene simumwa mowa ndi amene mumapindula kwenikweni ndi happy hour, bola muzifunsa zinthu ziwiri musanaitanitse. Funsani ngati mtengo wolembedwawo waphatikiza kale msonkho wa VAT ndi wa zokopa alendo, ndipo funsaninso ngati nthawi amawerengera poitanitsa kapena polipira. Ndinaonapo anthu akukangana ndi manijala chifukwa anaitanitsa nthawi isanathe koma bilu inatuluka 7 koloko itapitirira, ndipo amene ankatukwanidwa pakati pawo ndinali ine. Muzipemphanso madzi akumwa m'malo mwa botolo lachiwiri, ndipo ngati muli awiri, kambale kamodzi ndi saladi pambali zimakwana. Ndalama imene mwapulumutsayo, kagawo kake muzikumbukirako mwana amene wakuchenjezani kuti kambale kakuotchani.

Nabanda wa ku Area 25

Ndikuthokoza nonse, ndipo ndabweranso kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Loweruka ndinayesanso, kutsatira malangizo a achimwene a ku Kawale mmodzimmodzi. Kaphala koyera kanandivuta poyamba chifukwa ndinathira mkaka wambiri nthawi imodzi ndipo mibulu inayamba kuoneka, koma ndinakumbukira mmene mayi anga ankandiphunzitsira phala, ndinachepetsa moto n'kutakasa mwamphamvu mpaka kanasalala. Chimene chinandivuta kwambiri ndi kudikira poto itaphulidwa, tchizi ali m'manja, mtima ukundiuza kuti zizizira. Ndinawerenga mpaka 60 ndisanathire kadzanja koyamba, ndipo ndinaona tchiziyo akusungunuka mwakachetechete popanda dontho limodzi la mafuta kuyandama.

Magetsi analipo, koma ndinasankha dala njira ya mbaula chifukwa uvuni wanga umapsereza mbali imodzi. Makala a pa chivundikiro ndinachulutsa pang'ono, moti pakati panada kuposa mmene ndinafunira, koma ana analimbirana pomwepo. Ndinagwiritsa ntchito Cheddar yekha, choncho sanatamuke ngati a ku Area 10, ndipo kukoma kwake kunali kowongoka, kopanda kaja kobisika kamene ndinakamva kumeneko. Apa ndavomereza kuti mitundu itatu ya tchizi imene ili pa menu yawo sanailembe mongokometsera.

Nditawerengera tchizi, batala, mkaka, makaroni ndi makala, poto yonse inadya ndalama yoposa pang'ono ya kambale kamodzi ka pa happy hour, koma tinadya anthu asanu. Bambo Mbewe, pamenepa mwapambana. Nsimanso inalipo, ndipo bambo a ana anadya zonse ziwiri, makaroniwo akuwayesa ndiwo, zimene ndinalephera kuwaletsa. Koma ndisakunamizeni, Lachisanu la kumapeto kwa mwezi ndagwirizana kale ndi anzanga aja kuti tipitanso, chifukwa ndikufuna ndikalawe mosamala tsopano pamene ndikudziwa zoyang'ana, ndipo ndikafunsa za msonkho ndisanakhale pansi. Achimwene a ku Kawale, ngati ndingakwanitse kugula mtundu umodzi wokha woonjezera pa Cheddar, kodi ndiyambire Gouda kapena mozzarella?